Phunziro: kusintha login shell osadzitsekera panja pa seva yako yomwe



Lero sindikamba za mitengo ya kontena kapena za mmene kwacha ikuyendera. Ndikamba za kamzere kamodzi ka m'kompyuta komwe kanandidyera Loweruka lathunthu, makasitomala ali chiimire pakhomo ndi katundu wawo. Amene bizinesi yanu yonse ili m'kope ndi pa WhatsApp mutha kudutsa, palibe mlandu. Koma ngati muli ndi webusaiti pa seva ya lendi, kapena laputopu yomwe mwana anakuikirani Ubuntu, kapena ka Raspberry Pi kosunga mabuku a shopu, khalani pansi timvane.

Zinthuzi zikutipeza tifune tisafune. Msika wa Beaumont Leys utatsekedwa mu 2023, ena amene ankayala katundu pamenepo anathawira pa intaneti. Kenako Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, pomwe malaputopu akale ambiri sakwanitsa Windows 11. Munthu wa bizinesi sataya chinthu choti chikuyakabe, ndiye ana athu akumatiikira Linux. Vuto ndi lakuti akaika amapita kusukulu, ife n'kutsala nayo tokha.

Ine ntchito yanga ndi yotumiza madiramu ndi mabokosi kumudzi. Mndandanda wonse, ndani watumiza chiyani, akalandire ndani ku Area 25 kapena ku Ndirande, walipira zingati, watsala ndi zingati, uli pa seva yaing'ono ya Ubuntu yomwe ndimalipira pamwezi. Anandikonzera ndi mphwanga, mwana wa achemwali, asanapite kukaphunzira ku Nottingham. Ine changa ndi kutsegula laputopu, kulowa pa SSH, kulemba komandi imodzi, malisiti ndi malebulo n'kutuluka basi.

Nditapeza mtsikana wondithandiza masiku otanganidwa, ndinati ndimutsegulire akaunti yakeyake kuti asamalowe ndi yanga. Pamenepo ndinaganiza bwino. Ndinagwiritsa ntchito komandi ya useradd. Tsiku loyamba lomwelo anabwera: "Ankolo, kompyuta yanga ikusiyana ndi yanu." Kwa iye sikirini inkangoonetsa chizindikiro cha $ chokhachokha, popanda dzina lake kapena foda yomwe alimo. Akadina batani la muvi wa m'mwamba kuti abwereze zomwe analemba, kunkatuluka zinyalala za ^[[A. Batani la Tab silinkamalizitsa mawu. Chilichonse ankalemba kuyambira poyamba, ndipo amene munalembapo dzina lalitali la fayilo kasitomala akukuyang'anani mukudziwa mmene zimapwetekera.

Kompyuta sinali yowonongeka. Anangopatsidwa shell ina.

Shell n'chiyani?

Taganizirani holoselo ija yoti katundu yense ali kumbuyo, inu mumangoima pa kauntala. Pasiwedi ndi kiyi wa chitseko cha panja. Mukalowa, pamafunika kalaliki woti amve zomwe mukufuna n'kukakutengerani. Shell ndiye kalaliki ameneyo: pulogalamu yomwe imawerenga zomwe mwalemba n'kuuza kompyuta chochita. Login shell ndi kalaliki amene kompyuta imamudzutsa nthawi yomwe mwangolowa kumene. Akaunti iliyonse ili ndi wake, ndipo dzina lake linalembedwa penapake.

Makalalikiwa alipo angapo. Unix inayambira ku Bell Labs ku America mu 1969, m'manja mwa Ken Thompson ndi Dennis Ritchie. Shell yotchedwa sh, ya Stephen Bourne, Mngelezi wa konkuno, inatuluka mu 1979. Bash, yomwe ambirife timagwiritsa ntchito osadziwa n'komwe dzina lake, analemba Brian Fox ndipo inatuluka mu 1989. Zsh ya Paul Falstad inabwera mu 1990. Pa Ubuntu, kuyambira 2006, mukaitana sh amene amabwera ndi kapulogalamu kopepuka kotchedwa dash. Kamathamanga bwino pa ntchito za makina okhaokha, koma kwa munthu n'kouma: sikakumbuka zomwe munalemba, sikamalizitsa mawu. Ndi komwe mtsikana uja anapatsidwa, chifukwa useradd pa Ubuntu ndi Debian imapereka /bin/sh ngati simunanene kanthu. Mnzake wa komandi imeneyi, adduser, amapereka /bin/bash ndi kukonzeratu foda ya munthuyo. Ndikanadziwa ndikanayambira pamenepo.

Komwe zinalembedwa

Pali fayilo imodzi yotchedwa /etc/passwd. Dzina lisakupusitseni, mapasiwedi sakhalamo masiku ano, anawasamutsira ku /etc/shadow komwe munthu wamba sangawerenge. Mu /etc/passwd akaunti iliyonse ili ndi mzere umodzi. Kuti muone wa munthu mmodzi, tinene kuti akaunti yake ndi kalaliki, lembani:

getent passwd kalaliki

Mudzaona zonga izi:

kalaliki:x:1001:1001::/home/kalaliki:/bin/sh

Zigawo zilipo 7, zolekanitsidwa ndi timadontho tiwiri. Dzina, kenako x wosonyeza kuti pasiwedi ili kwina, nambala ya munthuyo, nambala ya gulu lake, malo olembapo dzina lonse omwe apa ndi opanda kanthu, foda yake, ndipo chomaliza ndi shell. Phunziro lonseli likukamba za chigawo chomalizachi.

Onani kuti sichinalembedwe kuti sh chabe, koma /bin/sh. Imeneyi ndi adiresi yonse ya pulogalamuyo, kuyambira pa / woyamba. Zili ngati lebulo ya pa diramu. Mukalemba kuti "Lilongwe" basi, diramu silifika pakhomo la munthu. Kompyuta nayo pa nthawi yolowa siyendayenda kufunsa anthu kuti bash amakhala kuti. Imapita pa adiresi yomwe yalembedwa, ikapeza palibe, nkhani yatha.

Kukonza za mtsikana uja kunali komandi imodzi:

sudo chsh -s /bin/bash kalaliki

Ena amakonda sudo usermod -s /bin/bash kalaliki, zotsatira zake ndi zomwezo. Anatuluka, n'kulowanso, zonse zili bwino. Apa pali pomwe ambiri amasokonezeka: kusinthaku sikuoneka pa windo yomwe yatsegulidwa kale. Munthuyo ayenera kutuluka n'kulowanso, ndipo pa laputopu kutseka Terminal kokha sikukwanira, pamafunika log out yeniyeni.

Pomwe ndinagwera

Zitatheka choncho mtima unakula. Mphwanga uja sikirini yake imakhala ya mitundumitundu, amati ndi zsh. Ndinati nanenso ndine munthu. Lachisanu usiku ndinalemba sudo chsh -s /bin/zsh n'kuika dzina la akaunti yanga. Kunatuluka kamzere ka Chingelezi koyamba ndi mawu oti Warning. Sindinawerenge. Ndinatseka laputopu n'kukagona.

Kamzere kaja kankandiuza kuti /bin/zsh kulibe. Zsh sibwera yokha pa seva ya Ubuntu, umachita kuiika, ndipo ine sindinaiike.

Loweruka m'mawa, tsiku lolandira katundu, ndikuti ndilowe, seva ikuti Permission denied. Ndinalembanso pasiwedi. Permission denied. Ndinayang'ana Caps Lock, ndinalemba pang'onopang'ono ngati mwana wa Sitandade 1, chimodzimodzi. Chowawa chake n'chakuti SSH sikuuzani kuti vuto ndi shell. Imayankha ngati mwalakwitsa pasiwedi, ndiye maganizo amathamangira kwa akuba. Ine ndinayamba kuwerengera mayina ndi manambala a foni a makasitomala onse omwe ndimati apita. Chifukwa chenicheni chinali chitalembedwa m'buku la seva, mu /var/log/auth.log, kuti munthuyu sakuloledwa chifukwa shell yake kulibe, koma bukulo lili mkati, ine ndili panja.

Akaunti ya mtsikana uja inkalowa bwinobwino, koma inalibe mphamvu za sudo, ndiye sikanatha kukonza yanga. Tsiku limenelo malisiti tinalemba pamanja, ndipo ndinalandira ndalama za anthu osadziwa kuti ndani anali ndi ngongole yotsala. Mphwanga anayankha foni madzulo.

Bwanji kompyuta inalola kuti ndilembe adiresi yabodza? Yankho lili pa sudo. Pali fayilo ina, /etc/shells, yomwe ndi mndandanda wa ma shell ovomerezeka pa makinawo. Munthu wamba akalemba chsh -s popanda sudo kuti asinthe yake, kompyuta imafunsa pasiwedi yake, imayang'ana mndandandawo, ikapeza kuti zomwe walemba mulibe imakana. Koma ukaika sudo kutsogolo ukulankhula ngati root, mwini nyumba, ndipo mwini nyumba sakanizidwa. Amangochenjezedwa, zinthu n'kuchitika. Ndikanasiya sudo, chsh ikanandikana, Loweruka langa likanapulumuka. Ine masiku ano ndimati: posintha shell ya iwe mwini, sudo asayandikire.

Zoyenera kuchita musanadine Enter

Choyamba onani zomwe zilipo:

cat /etc/shells

Ngati yomwe mukufuna mulibe, iikeni kaye. Pa Ubuntu ndi sudo apt install zsh, ndipo ikaikidwa imadzilemba yokha pa mndandanda. Kenako funsani adiresi yake yeniyeni ndi command -v zsh, mukopere zomwe zatuluka, osalemba za m'mutu. Musadabwe mukaona /bin/bash ndi /usr/bin/bash zonse zili pa mndandanda. Pa Ubuntu yatsopano ndi nyumba imodzi ya zitseko ziwiri. Mutha kuilawanso kaye musanaikwatire: lembani zsh basi, muione, mukatopa lembani exit. Palibe chomwe chasintha.

Chachiwiri, dzina la akaunti kumapeto. Mukalemba sudo chsh -s /bin/zsh n'kuiwala dzina, amene mwamusinthira si inu, ndi root. Zimenezi sizioneka lero. Zimadzaoneka tsiku lomwe zinthu zavuta, mukufuna root kuti akupulumutseni, n'kupeza kuti naye chitseko chake munachikhoma. Shell ya root isiyeni mmene munaipezera.

Chachitatu ndi chomwe ndikanakonda wina akanandiuza kale. Mukasintha, musatseke windo yomwe muli. Tsegulani ina pambali, yesani kulowa mwatsopano. Ikalola, ndiye tsekani yakale. Ikakana, windo yoyamba ija idakali mkati, mutha kubweza ndi sudo chsh -s /bin/bash ndi dzina lanu. Ndi masekondi 30 okha. Palibe wa ife amene amakhoma yuniti ndi loko watsopano asanayese kiyi wake.

Ndipo musachotse pulogalamu ya shell yomwe akaunti ikuigwiritsabe ntchito. Kutopa ndi zsh n'kuichotsa musanabwerere ku bash ndi dzenje lomwelo, mwangolowera mbali ina.

Ngati mwatsekeredwa kale panja

Musathamangire kufufuta seva. Katundu wanu ali mkati, sanakhudzidwe. Ngati pali akaunti ina yokhala ndi sudo, lowani nayo mukonze ndi komandi ija. Ngati palibe, makampani obwereketsa maseva amakhala ndi console pa webusaiti yawo, komwe mumalowa ngati mwakhala pamaso pa makinawo, ndipo ambiri alinso ndi rescue mode yomwe imayatsa seva ndi dongosolo lina kuti mufike pa mafayilo anu. Ife tinadzera njira yachiwiriyi, mphwanga akundiuza pa foni, n'kukonza mawu atatu okha kumapeto kwa mzere wanga mu /etc/passwd. Pa laputopu ya Ubuntu, poyatsa mumalowa pa menyu ya GRUB, n'kusankha recovery mode, kenako root.

Chenjezo: fayilo ya /etc/passwd musamaitsegule ndi pulogalamu wamba ngati pali njira ina. Kadontho kamodzi kakasowa, akaunti yawonongeka. Ikafunika kukonzedwa pamanja seva ili moyaka, pali komandi ya sudo vipw yomwe imaikhoma kuti wina asailembe nthawi yomweyo. Ine kuyambira tsiku lija ndili ndi akaunti yachiwiri ya sudo yomwe sindiigwira, pasiwedi yake ili pa pepala kunyumba.

Mbali yomwe ikukhudza ndalama zanu

Mpaka apa mwina mukuti izi ndi za anyamata okonda mitundu pa sikirini. Ayi. Chigawo chomaliza chija ndi chomwenso mumatsekera munthu amene wasiya ntchito, ndipo m'mabizinesi athuwa anthu amabwera n'kupita. Wina wapeza ntchito ku fakitale ya Walkers, wina wasamukira ku Coventry, wina mwasiyana naye mosakhala bwino. Ambiri mwa iwo ndi abale kapena a kutchalitchi, ndiye timachita manyazi kutseka akaunti. Koma m'sevamo muli mayina, maadiresi a kuno ndi manambala a foni a abale a makasitomala kumudzi. Munthu wokhala ndi mndandanda umenewo atha kuyamba bizinesi ngati yanu mawa, kapena kuimbira mayi wina ku Mzuzu kuti diramu lafika, tumizani ya kasitomu pa Airtel Money. Komanso malamulo a kuno a UK GDPR amaika udindo wosunga zimenezi pa inu mwini bizinesi, ndipo zikabedwa moti anthu angavulale nazo muyenera kudziwitsa ofesi ya ICO pasanathe maola 72 kuchokera pomwe mwadziwa.

Pali shell yapadera yomwe ntchito yake ndi kukana basi:

sudo usermod -s /usr/sbin/nologin kalaliki

Munthuyo akayesa kulowa, ngakhale pasiwedi ili yolondola, amauzidwa kuti akauntiyi sikupezeka, n'kutulutsidwa. Pa Fedora, Rocky Linux ndi AlmaLinux adiresi yomwe mudzaione kwambiri ndi /sbin/nologin. Palinso /bin/false, yomwe imatulutsa munthu osanena kanthu. Ubwino wake poyerekeza ndi kufufuta akaunti ndi wakuti mafayilo ake amatsala, mutha kuwaona mwachifatse, ndipo akabwerera Disembala kudzathandiza mumangobweza /bin/bash.

Anthu ambiri amangosintha pasiwedi kapena kuikhoma ndi passwd -l, n'kumati atseka. Ngati munthuyo ankalowa ndi kiyi wa SSH, uja wosungidwa pa laputopu yake, pasiwedi sakuifuna n'komwe. Alowa ngati kale. Buku la malangizo la passwd limanena zimenezi poyera, koma ndani amawerenga. Apa ndi pomwe nologin imathandiza.

Koma nayonso payokha sikwanira, ndisakunamizeni. Munthu wodziwa bwino SSH atha kulumikiza osapempha shell, n'kugwiritsa ntchito seva yanu ngati mlatho wofikira zina za mkati, monga database. Ndiye munthu akachoka, ine ndimachita zonsezi tsiku lomwelo: shell kupita ku nologin, kukhoma pasiwedi ndi sudo usermod -L kalaliki, kuthetsa nthawi ya akaunti ndi sudo chage -E 0 kalaliki, ndi kuchotsa makiyi ake mu fayilo ya authorized_keys yomwe ili mu foda ya .ssh kwake. Pa zonsezi ya chage ndi yomwe imatseka zenizeni, chifukwa akaunti yotha nthawi silowa ndi pasiwedi ngakhale ndi kiyi. Ngati ali mkati nthawi imeneyo, kusintha shell sikumutulutsa, paja tanena kuti kumagwira polowa. Mutulutseni ndi sudo pkill -u kalaliki. Muonenso ngati anasiya ntchito zodziyendera zokha pa nthawi yake: sudo crontab -l -u kalaliki.

Izi n'za Linux yokha. Ngati analinso ndi akaunti pa webusaiti ya shopu, pa imelo kapena pa tsamba la Facebook, kumeneko ndi zitseko zina, nologin sifikako.

Nanga wowerengera ndalama?

Funso limabwera la munthu amene mukufuna azingotenga kapena kuika mafayilo, monga akauntanti wokonza za HMRC kapena wojambula zithunzi za katundu, koma asamayende m'seva monse. Ena amamupatsa nologin n'kudabwa kuti FileZilla kapena WinSCP yakana. Chifukwa chake n'chakuti pa Ubuntu, mmene imabwerera, pulogalamu ya SFTP imadzutsidwa kudzera mu shell ya munthuyo, ndiye shell ikakana zonse zakana. Njira yake ndi kulemba mu /etc/ssh/sshd_config kagawo ka Match User ka munthuyo, kokhala ndi ForceCommand internal-sftp ndi ChrootDirectory yoloza foda imodzi. Zikatero nologin imagwira bwino, munthuyo amaona foda yakeyo basi. Foda imeneyo mwini wake ayenera kukhala root, apo ayi SSH imakana. Iyi ndi ntchito yoti muchite ndi munthu wodziwa pambali, ndipo lamulo la windo yachiwiri apa ndiye lofunika kwambiri, chifukwa mukalakwitsa fayilo imeneyo mutsekera aliyense. Musanayatsenso SSH lembani sudo sshd -t, ikakhala chete ndiye kuti zili bwino.

Pali shell inanso yotchedwa rbash yomwe amati imamanga munthu manja. Ine sindiikhulupirira. Mwana wodziwa kompyuta amaidumpha ngati mpanda wa maudzu.

A MacBook

Mac nayo ndi ya banja la Unix. Kuyambira macOS Catalina mu 2019, Apple inayamba kupereka zsh kwa maakaunti atsopano, ndiye amene akaunti yanu ndi yakale mumaona uthenga pa Terminal wokuuzani kuti mulembe chsh -s /bin/zsh. Pa Mac zsh ilipo kale, palibe choopsa. Kusiyana kwake n'kwakuti maakaunti a anthu sasungidwa mu /etc/passwd, ndiye musakafune mzere wanu kumeneko. Zikavuta, pitani ku Users & Groups, gwirani batani la Control n'kudina dzina lanu, sankhani Advanced Options, mupeza malo a login shell. Zina zomwe zili pa tsamba limenelo musazigwire.

Ntchito ya usiku uno

Amene muli ndi seva kapena laputopu ya Linux, lembani komandi iyi. Siisintha kanthu, imangoonetsa:

cut -d: -f1,7 /etc/passwd

Mudzaona mayina ambiri omwe simukuwadziwa, monga www-data, daemon ndi mail. Musachite mantha ndipo musawafufute, ndi maakaunti a mapulogalamu, ndipo pafupifupi onse ali ndi nologin kapena false, momwe ziyenera kukhalira. Inu yang'anani mizere yothera ndi bash, sh kapena zsh. Amenewo ndi amene angalowe n'kulamula. Payenera kukhala root, inuyo, ndi anthu omwe mukuwalipira lero.

Ine nditayang'ana yanga ndinapeza akaunti yotchedwa test, ya /bin/bash, yomwe mphwanga anatsegula tsiku loyamba poyesa zinthu n'kuiwala. Nditamufunsa pasiwedi yake anaseka kaye asanayankhe. Mukapeza dzina lomwe simukulimvetsa, lembani dzinalo ndi shell yake m'makomenti tithandizane, koma adiresi ya seva yanu ndi mayina a antchito anu musaike pagulu.